Pulojekiti siithera pa tsiku lodula riboni

Kuno kwathu kuyamba pulojekiti timakudziwa, zimenezo palibe angatiphunzitse. Tenti, mipando ya pulasitiki, ma t-shirt ndi zitenje zosindikiza dzina la bungwe, a DC kapena nthumwi yawo, a T/A, magule, ana asukulu kulakatula ndakatulo, wailesi ya m'dera kujambula, zonse zimayenda bwino ndipo ndalama yake imakhala ili kale mu bajeti. Koma mufunse anthu omwewo kuti nanga pulojekiti imatsekedwa bwanji, mumva wina akuti ndi tsiku la handover, wina akuti lipoti lomaliza likapita kwa ma donor, wa ku accounts akuti ndalama zikatha mu akaunti basi yatha. Ine ndakhala zaka zambiri pa ntchito za madzi akumudzi, mijigo makamaka, ndipo chimene chimandipweteka mtima n'choti zambiri zimene zimadzapha mjigo pakatha zaka ziwiri zitatu sizichitika pokumba ayi, zimachitika miyezi itatu yomaliza ya pulojekiti, nthawi imene aliyense mtima wake uli kale kwina.

Sindikuwanena anzanga, chifukwa chake ndi chomveka ndithu. Kontrakiti yako ikutha December, ana akufunika fizi January, nde kuyambira September munthu uli pa ma CV ndi ma interview, amene ali ndi mwayi amapeza ntchito n'kunyamuka pulojekiti isanathe, ndipo bungwe silingalembe munthu wina wa miyezi iwiri yokha, ntchito yake amangogawana otsalawo. Field officer amene amadziwa mudzi uliwonse, amene amadziwa kuti kwa gulupu uje komiti inagawanika chifukwa cha ndalama za mjigo, kuti kontrakita sanamalize ngalande ya pa sukulu ija, amachoka nazo zonsezo m'mutu mwake ndi mu foni mwake. Nthawi yomweyo ku ofesi yaikulu akuyimba kuti ndalama zatsala zambiri, zigwiritseni ntchito zisabwerere, nde mumapeza ma training atatu sabata imodzi, anthu a komiti kuphunzitsidwa mothamanga mu holo ku boma kutali ndi mjigo wawo, kusaina allowance, kujambulitsa chithunzi, kukwera matola kubwerera. Lipoti linena kuti komiti inaphunzitsidwa, koma mayi amene ndi msungichuma wa komitiyo sanagwirepo sipanala ngakhale kamodzi.

Pampu imene ili pa mijigo yambiri m'Malawi muno ndi Afridev, ndipo ambiri sadziwa kuti mbiri yake inayambira konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inkatchedwa Maldev, inayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kenako ntchito yoikonzanso inapitirira ku Kenya. Cholinga cha amene ankaipanga chinali chimodzi, kuti anthu a m'mudzi aziikonza okha osadikira galimoto yochokera ku boma, kutulutsa ma rod ndi manja, sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera foot valve, basi. Ndipo zimene zimatha msanga ndi tinthu tating'ono, U-seal, O-ring, bobbin, ma bush bearing a pa chopopera paja, totchipa kwambiri ukayerekeza ndi mamiliyoni amene apita pokumba. Mjigo umodzi amawerengera anthu 250, koma tonse tikudziwa kuti m'midzi yambiri amatunga oposa pamenepo, kuyambira mbandakucha mpaka mdima, nde tinthuti timatha msanga kuposa momwe buku limanenera. Kwa ine kutseka ntchito ya mjigo kumayamba pamene anthu khumi a komiti aja atsegula pampu yawo okha, pa mjigo wawo, ife titayima pambali manja kumbuyo osathandiza, atulutsa zonse, asintha U-seal, abwezeretsa, madzi atuluka. Akalephera abwerezenso mawa. Kenako adziwe sitolo imene masipeya amapezeka ndi mtengo wake wa lero osati wa chaka chatha, akhale ndi dzina ndi nambala ya area mechanic, mmisiri wokonza mijigo wa dera lawo, ndipo akhale atakumana naye maso ndi maso, agwirizane kuti khomo lililonse lizisonkha zingati pa mwezi, ndani asunga, buku lili kuti, agogo ndi olumala akhululukidwa kapena ayi. Makomiti ena amaika ndalama ya mjigo mu banki m'khonde kuti iziswana, ndaona zikuyenda bwino pena, pena ndalama yonse ili pa ngongole tsiku limene mjigo wafa, nde zimenezi n'zofunika kukambirana ife tisanachoke osati kungouza anthu kuti muzisonkha.

Ndiye pali mapepala. Ndikudziwa kuti nkhani ya mapepala imatopetsa koma pirirani. Mjigo uliwonse wokumbidwa bwino umayenera kukhala ndi lipoti lake, unakumbidwa mamita angati, madzi anapezeka pa mamita angati, dothi ndi miyala zinali zotani potsika, mapaipi oboola olowetsa madzi aja anaikidwa pati, pampu inatsitsidwa mpaka pati, pumping test inaonetsa malita angati, zotsatira za ku labu zikuti bwanji, GPS yake ndi iti. Ku Chikwawa ndi Nsanje kumene madzi a mchere ndi vuto lodziwika, pepala la ku labu limenelo ndi limene lingathandize wina wobwera m'mbuyo kuti asatayenso ndalama kukumba pa malo a mchere omwewo. Mapepalawa malo ake ndi ku ofesi ya zamadzi ya pa khonsolo, kwa a DWDO, mkulu wa zamadzi pa boma, ndi ma Water Monitoring Assistant awo amene amayendera mijigo, ndipo kope lina likhale ndi komiti m'mudzi. Chimene chimachitika kawirikawiri n'choti amatsala mu laputopu ya injiniya wa pulojekiti, laputopu ija kumapeto amaifufuta zonse n'kuipereka kwina, kapena ali m'makatoni mu sitolo ya ofesi imene lendi yake yatha. Namondwe Freddy atawononga kum'mwera mu March 2023 ndinali nawo m'gulu lina lokaona mijigo yoti ikonzedwe, ndipo pa mijigo yambiri panalibe amene akanatiuza kuya kwake kapena amene anakumba, chikwangwani chokha cha simenti cholembedwa dzina la pulojekiti imene inatha kalekale, nde timayamba kuyeza chilichonse ngati mjigo wachilendo, nthawi ndi ndalama zimene zikanakonza mijigo ina ingapo.

Koma nkhani imene ndikufuna ndikhalepo kwambiri ndi ya retention, chifukwa apa ndi pamene kutseka kwa pulojekiti ndi kutha kwa ntchito zimasemphana poyera. Pa ma kontrakiti a zomangamanga, kontrakita salipidwa ndalama yonse akamaliza, pamatsala kagawo, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, kamene kamasungidwa mpaka nthawi yoona zolakwika itadutsa, imene pa ma kontrakiti ambiri ndi miyezi 12 ngakhale ena amaika 6. Pa mjigo miyezi 12 imeneyo si yongolemba, ili ndi chifukwa. Madzi a pansi amakwera mvula ikagwa ndipo amatsika kwambiri cha mu October ndi November mvula isanayambe. Mjigo wokumbidwa April, makamaka ngati wokumbayo anaima msanga atangoona madzi oyamba kuti asunge dizilo ndi mapaipi, umatulutsa madzi bwinobwino tsiku la handover, amayi kuvina, aliyense kusangalala, koma ikafika October uyamba kupuma, kupopa kakhumi kuti mudzaze ndowa imodzi, kenako zii. Chilimwe chokha ndi chimene chimakuuzani zoona za mjigo. Simenti ya pa apuloni, pansi pozungulira pampu paja, nayonso imaonetsa ngati inaberedwa ikadutsa dzinja limodzi, ming'alu imayamba, madzi akuda amalowa pansi.

Tsono taganizani, pulojekiti ya zaka zitatu, chaka choyamba chatha ndi ma baseline ndi kulemba anthu ntchito, chachiwiri ndi ma tenda ndi kudikira chilolezo cha ma donor, kukumba kukuchitika miyezi isanu yomaliza. Pulojekiti ikutseka June, nthawi yoona zolakwika ikutha chaka chamawa. Ndani asunga retention? Ma donor ambiri salola kuti ndalama itsale mu akaunti pulojekiti itatsekedwa, nde a accounts amakakamizika kusankha, kulipira kontrakita yonse msanga kuti mabuku atsekedwe, kapena kubweza ndalamayo. Akalipira yonse, kontrakita alibenso chomubweretsa. Akabweza, kontrakita wachilungamo amene anagwira ntchito yabwino amayenda chaka chonse kufunafuna ndalama yake ku ofesi imene kulibenso. Ndipo ngakhale itasungidwa, kwacha yathuyi, inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, retention imene inali ndalama yooneka posaina kontrakiti inasanduka yosakwana ngakhale dizilo wobweretsera makina kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre kudzakonza mjigo umodzi, nde kontrakita amangowerengera n'kuona kuti kuisiya n'kotchipa kuposa kubwera. Amene amalipira mapeto ake ndi mtsikana amene wabwereranso ku dambo ndi ndowa m'mamawa asanapite ku sukulu.

Njira zilipo ndipo si zachilendo. Kukumba kuchitike chaka choyamba kapena chachiwiri kuti chilimwe chimodzi chidutse pulojekiti idakalipo, imeneyi ndiye njira yeniyeni. Zikakanika, kontrakita apereke chikalata cha ku banki chotsimikiza kuti akapanda kukonza banki ilipira, ndipo chilembedwe m'dzina la amene atsale, kaya ofesi yaikulu ya bungwe kaya khonsolo, ndi kalata yonena momveka kuti ndani adzapita kukayendera, liti, mafuta ake achokera kuti, ndani adzasaine satifiketi yomaliza. Koma zimenezi zimakambidwa polemba proposal ndi posaina kontrakiti, mukazikumbukira sabata yomaliza mwachedwa.

Palinso ngongole zing'onozing'ono zimene sizilowa mu lipoti lililonse koma m'mudzi saziiwala. Amayi amene ankatunga madzi osakanizira simenti, anyamata amene anaswa miyala ndi kututa mchenga, bambo amene ankalondera makina usiku, mwini nyumba imene anyamata a kontrakita ankagonamo, mayi wa pa golosale amene ankawakongoza sopo ndi shuga. Kontrakita akalandira cheke chake n'kupita osawalipira, anthuwo sadziwa dzina la kampani, amadziwa dzina la bungwe lolembedwa pa galimoto, ndipo bungwe lina likadzabwera m'mudzimo lidzapeza anthu ozizira osadziwa chifukwa chake. Ine ndimakhulupirira kuti tisanasaine kuti ntchito yatha, pakhale msonkhano wa poyera, a mfumu alipo, woimira kontrakita alipo, funso lifunsidwe mokweza kuti alipo amene sanalandire yake? Ndipo ku ofesi chimodzimodzi, PAYE ndi withholding tax zipite ku MRA, ndalama za penshoni zimene zinkadulidwa pa malipiro zifikedi ku kampani ya penshoni osati kungooneka pa payslip, masiku a tchuthi alipidwe, dalaivala ndi mayi wokonza mu ofesi alandire kalata yowachitira umboni akamakafuna ntchito kwina, chifukwa mabwana amapeza ntchito ndi foni imodzi koma iwowa kalata imeneyo ndiye chuma chawo. Ma odita abwere anthu odziwa malisiti adakalipo, lipoti lipite ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma, monga lamulo likunenera.

Katundu nayenso, njinga zamoto, magalimoto, ma laputopu, ma GPS, majenereta. Apa mitima imatentha, aliyense ali ndi chifukwa chake choti chipite kwa iye. Galimoto yolowa popanda msonkho siingangoperekedwa kapena kugulitsidwa osadutsa ku MRA, ndipo zimenezo zimatenga nthawi, nde imakhala pa ofesi miyezi matayala akuphwa. Njinga yamoto kuipereka ku khonsolo ndi chinthu chabwino, koma ngati simunakhale pansi ndi a khonsolo kuona kuti mafuta ndi sevisi zilowa mu bajeti yawo ya chaka chamawa, ndipo ipita kwa munthu amene amayenderadi mijigo osati kungokhala pa boma, mwangosamutsa chitsulo. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998 timanena kuti mphamvu zili ku anthu, khonsolo, ADC, VDC, koma ma pulojekiti ambiri amawakumbukira kawiri kokha, popempha chilolezo ku DEC, komiti ya akuluakulu a maofesi a pa khonsolo, poyamba ndi powasiyira katundu pomaliza.

Kuti muone kuti kutseka mwadongosolo n'kotheka, onani compact yoyamba, mgwirizano wa thandizo la magetsi pakati pa Malawi ndi bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation, ya madola 350.7 miliyoni, imene inayamba pa 20 September 2013 n'kutha pa 20 September 2018. Malamulo awo anali ouma, zaka zisanu basi palibe kuwonjezera, ndipo aliyense kuyambira kontrakita mpaka nduna ankadziwa tsikulo kuyambira pachiyambi. Pulani yotsekera imalembedwa kudakali miyezi yambiri, ndipo tsiku lotha likadutsa pamakhala masiku 120 ongotsekera basi, kulipira zotsala, kusamutsa katundu, kusunga mafayilo, ma odita. Mawaya a 400kV ochokera ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, makilomita 173, ndi kukonzanso kwa siteshoni yopangira magetsi ya Nkula A kuchoka pa 24 kufika pa 36 megawatt zinatuluka mmenemo, ndipo zinali zodziwika kuti zikupita m'manja mwa ESCOM ndi EGENCO. Sindikunena kuti mavuto a magetsi anatha, tonse tikudziwa momwe zilili, ndikungonena kuti kutseka anakutenga ngati gawo la ntchito lokhala ndi nthawi yake, anthu ake ndi ndalama yake. Ife pa ma pulojekiti athu ang'onoang'ono sitingakhale ndi masiku 120, koma mwezi umodzi wokha wopanda ntchito zatsopano, wongotsekera, tingaupeze titafuna.

Mbali inayo tinaiona mu January 2025, boma la America litalamula kuti thandizo lakunja liyime kaye ndipo ma pulojekiti a USAID analandira makalata oti asiye ntchito nthawi yomweyo. Kumeneko kunalibe kutseka kulikonse, kunali kungoduka, anthu kuuzidwa kuti mawa musabwere, magalimoto kuimikidwa, ntchito zina zili pakati. Chimene ndinaphunzirapo poona anzanga m'mabungwe osiyanasiyana n'choti amene mafayilo awo anali m'malo, amene ankapereka mapepala ku khonsolo mjigo uliwonse ukangotha osadikira mapeto, amene makomiti awo anali ataphunzira kale, anthu awo anavutika pang'ono poyerekeza ndi amene ankasunga zonse kuti tidzapereka pa handover. Nde gawo lililonse likatha litsekedwe palokha, mijigo khumi yatha, mapepala ake apite, makomiti ake ayesedwe, ngongole zake zifunsidwe, kenako tipite ku ina, chifukwa tsiku lomaliza limene lili mu proposal si nthawi zonse limene mudzafikepo.

Chovuta kwambiri kwa ambiri a ife ndi kuwauza anthu zoona kuti tikupita. Timaopa, timachita manyazi, nde pa msonkhano womaliza timanena kuti tikukambirana ndi ma donor mwina phase two ibwera, pamene tikudziwa kuti palibe chimene chasainidwa. Mawu amenewo ndi oopsa kuposa momwe timaganizira, chifukwa mjigo ukawonongeka komiti siisonkha, imadikira eni ake abwere ndi phase two. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo anthu akumudzi amaudziwa mwambiwu kuposa ife, aona mabungwe ambiri akubwera ndi kupita, sangakomoke mutawauza kuti pa 30 June ofesi ikutsekedwa, galimoto iyi simudzaionanso, nambala iyi siidzagwiranso, vuto laling'ono ndi la komiti, lokulirapo ndi la area mechanic ndipo mumulipira nokha, likakula kwambiri pitani kwa a Water Monitoring Assistant kudzera ku VDC ndi ADC. Muwauze kudakali miyezi isanu ndi umodzi, mubwereze kangapo, alangizi a zaumoyo a m'deralo akhalepo chifukwa iwowo ndi amene amatsala. Ulemu weniweni kwa a mfumu ndi anthu awo ndi umenewo, kutsanzika bwinobwino ngati munthu amene analeredwa, osati kungosowa.

Lipoti lomaliza nalonso tilembe zoona. Ngati pa mijigo imene tinakumba ina inali youma, ina ya mchere, ilembedwe ndi malo ake, chifukwa dzenje louma ndi chidziwitso chimene chagulidwa ndi ndalama zambiri ndipo chingapulumutse wina. Gawo la zimene taphunzira lija nthawi zambiri limalembedwa usiku womaliza ndi munthu mmodzi wotopa, mawu ake omwe aja a pulojekiti yapita, kuti kugwira ntchito ndi mafumu n'kofunika. Zikanakhala bwino kukhala pansi ndi madalaivala, ma field officer ndi ma area mechanic asanabalalike, kuwafunsa kuti chinavuta n'chiyani kwenikweni, msewu uti sudutsika February, sitolo iti imagulitsa ma U-seal achinyengo otha sabata ziwiri, mudzi uti unakana malo amene tinasankha ndipo chifukwa chiyani, n'kuzilemba m'Chichewa chomveka tsamba limodzi kapena awiri n'kusiya ku khonsolo.

Masiku ano wina akandipatsa proposal kuti ndimuonere, ndimayamba kutsegula bajeti kumapeto kwake, kuona ngati muli mzere wa kutseka, malipiro a anthu awiri atatu oti atsale mwezi womaliza, kabonasi kowasunga kuti asathawe msanga, ndalama yosindikizira mapepala a mijigo, ndi mafuta a ulendo umodzi wa mu October wotsatira, pulojekiti itatha kale, woti munthu wa khonsolo ndi munthu wa bungwe akapope mjigo uliwonse ndi manja awo asanasaine kuti kontrakita alandire retention yake. Nthawi zambiri mzerewo mulibe, nde ndimawabwezera kuti akauikemo, ndipo akati ma donor sangalole ndimawafunsa ngati anayesapo kuwapempha, chifukwa ambiri sanayesepo.